Kapitawo Wopanda Nkhope

M'maesiteti a fodya a ku Mchinji, cha ku Mkanda ndi ku Kapiri uko, munthu woopedwa kwambiri sanali mwini munda. Eni minda ambiri ankakhala kutauni, n'kumangotulukira pa galimoto nthawi yowokera ndi nthawi yodinda mabelo. Woopedwa anali kapitawo. Iyeyu ndiye ankaloza woti alembedwe ndi woti abwerere, ndiye ankayeza mgwazo, ndiye ankachonga tikiti dzuwa likapendeka. Pambali pake panali kalaliki ndi buku lake. M'bukumo munkalowa ndowa za chimanga zimene tenanti watapa, feteleza, makasu, mchere, ngakhale ndalama ya lole imene inamutenga ku Mulanje kapena ku Phalombe. Fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, buku lija ndilo linkagamula zoti tenanti apite nazo kwawo, ndipo ambiri ankangouzidwa kuti ngongole yameza malipiro onse. Bukulo tenanti sankaliwerenga. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 itakonzanso lamulo la za ntchito, koma amene anakulira pafupi ndi zigafa sanaiwale kuopsa kwa buku limene mwini wake yekha ndiye amalitsekula.

Komabe kapitawo anali ndi nkhope. Anali ndi dzina, anali ndi kwawo, ndipo mkazi wake ankatunga madzi pa chitsime chimodzi ndi akazi a matenanti. Munthu ankatha kumudandaulira, kumunyengerera, kumuneneza kwa mwini esiteti, ngakhale kukamusumira kwa a leba pa boma. Kapitawo amene tikambe pano ndi wa mtundu wina. Sagona, salandira nkhuku, sapita ku maliro, ndipo buku lake amalemba yekha n'kuliwerenga yekha. Ndi mapulogalamu a pakompyuta a AI, amene ena akuwatcha nzeru zochita kupanga, omwe makampani ndi mabungwe ambiri padziko lapansi awapatsa gawo lina la ntchito yolemba, kuyang'anira ndi kuchotsa antchito.

Wina angati za ku Ulaya izo, ku Mchinji zitikhudza bwanji? N'zoona kuti ntchito zambiri m'bomali zimapezeka pakamwa: ganyu wopalira mtedza, kusoka fodya, kabaza, kugulitsa m'golosale pa Kamwendo, kunyamula katundu pa chipata cha Mwami. Koma ntchito zimene mnyamata kapena mtsikana wa MSCE ndi dipuloma amazilota, za m'mabanki, m'makampani akuluakulu ndi m'mabungwe a kunja, zambiri masiku ano zimafunsiridwa pa intaneti. Envelopu ya khaki yopita ku positi ikutha pang'onopang'ono. Ndipo kalata ikalowa pa intaneti, palibe chokakamiza kuti woyamba kuiona akhale munthu.

Make mbuu, mwana mbuu

Ntchito ya ofesi yoona za antchito, imene ambiri timangoti a HR, ndi yodziwika: kulengeza kuti pali malo, kusefa makalata, kuitana anthu ku intavyu, kukonza malipiro, kuona amene wajomba, woti akwezedwe ndi woti achenjezedwe. Makompyuta anayamba kale kuthandiza pa zimenezi, koma akale ankangotsatira lamulo limene munthu walemba, monga lakuti wopanda MSCE asadutse. Lamulo lotere likhoza kukhala loipa, koma limaoneka, ndipo wolilemba akhoza kufunsidwa.

Makina a masiku ano sapatsidwa malamulo otero. Amapatsidwa mulu wa makalata akale, masauzande kapena mamiliyoni, pamodzi ndi zotsatira zake: uyu tinamulemba, uyu tinamukana, uyu anakwezedwa, uyu anangokhala miyezi itatu. Kenako makinawo amafufuza okha zimene olembedwawo amafanana, n'kuyamba kupereka mamalikisi kwa ofunsira atsopano molingana ndi mmene akufananira ndi akalewo. Zili ngati mnyamata amene wakhala zaka zisanu akuthandiza venda wogula mtedza pa msika. Palibe anamukhazika pansi kumuphunzitsa, koma poonerera wadziwa mtedza wokhwima ndi mphwephwa, wouma ndi wothiridwa madzi. Tsoka lake n'lakuti ngati bwana wake ankakonda kubera pa sikelo amayi okalamba, mnyamatayo waphunziranso zimenezo, ndipo kwa iye si kuba, ndi mmene ntchito imagwiridwira.

Tisanawadzudzule makinawa, tivomereze kuti akufunidwa pa zifukwa zomveka. Mu 2020 Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu kuti angobwera okha ku intavyu ya ntchito za m'zipatala ndi m'midzi, achinyamata miyandamiyanda anakhamukira ku malo ochitira mayesowo, ndipo ku Mzuzu ena anavulala pokankhana. Makalata akachuluka chonchi, anthu anayi okhala pa tebulo sangawawerenge onse mwachilungamo. Amatopa, amadumpha ena, ndipo pamapeto amagwira dzina limene alimvapo. Palinso nkhani ya antchito a mizukwa, maina olandira malipiro a boma eni ake kulibe, imene inayamba kufinyidwa pamene ziphaso za unzika, zomwe bungwe la NRB linalembetsa anthu pafupifupi 9 miliyoni mu 2017, zinayamba kuyerekezedwa ndi mndandanda wa malipiro. Ndiye pali funso lija limene wofuna ntchito aliyense m'Malawi analimvapo: kumeneko ukudziwana ndi ndani? Atsikana ena amauzidwa mtengo wa ntchito umene sulembedwa pa chikalata chilichonse. Munthu amene anakanidwapo chifukwa alibe amalume muofesi akamva kuti kompyuta ndiyo izisankha, mtima umakhala pansi, ndipo ine sindingamunene.

Kukondera kwa anthu si kwathu kokha. Mu 2004 akatswiri awiri a zachuma, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Boston ndi Chicago. Anatumiza makalata ofunsira ntchito ofanana ndendende, n'kumangosintha maina. Makalata a maina omveka achizungu, monga Emily ndi Greg, anaitanidwa kochuluka ndi pafupifupi 50 peresenti kuposa a maina omveka a anthu akuda, monga Lakisha ndi Jamal. Apa panalibe makina. Anali anthu a magazi. Koma taonani pamene pagona vuto: zigamulo za anthu omwewa ndizo chakudya chimene makina amaleredwa nacho.

Kampani ya Amazon inaziona yokha. Kuyambira mu 2014 akatswiri ake anapanga pulogalamu yoti izipereka nyenyezi, imodzi mpaka zisanu, kwa ofunsira ntchito, monga mmene ogula amaperekera nyenyezi kwa katundu. Anaiphunzitsa ndi makalata amene kampaniyo inalandira pa zaka 10. Popeza ambiri ofunsira ntchito za makompyuta anali amuna, pulogalamuyo inadziphunzitsa kuti mwamuna ndiye woyenera. Inayamba kuchotsera mamalikisi kalata iliyonse yokhala ndi mawu osonyeza kuti mwini wake anali m'gulu la akazi, komanso kutsitsa amene anaphunzira pa makoleji awiri a akazi okhaokha. Palibe anaiuza kuti izidana ndi akazi. Akatswiriwo anayesa kukonza, koma sakanatsimikiza kuti siipeza njira ina yosalira, ndipo ntchitoyo inasiyidwa. Nkhaniyi inaululidwa ndi a Reuters mu October 2018. Mtsikana amene pa CV yake palembedwa Ludzi Girls aiwerenge kawiri.

Mudzi, mfumu yaikulu, boma

Ogulitsa mapulogalamuwa amayankha kuti vutoli n'losavuta: tingobisa dzina, zaka, mtundu ndi zoti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, makina asazione. Mmalawi aliyense akudziwa chifukwa chake yankho limeneli silikwanira. Mafomu athu ambiri amafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Palibe fomu yofunsa kuti ndiwe mtundu wanji, koma ukalemba kuti T/A Mlonyeni kapena T/A Zulu, Mchinji, wowerenga waganiza kale za Angoni; ukalemba Rumphi kapena Thyolo, wamaliza kale nkhani yonse, mwina mpaka chipani chimene akukuganizira. Dziko lino lili ndi zipsera pa nkhani imeneyi. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kuti abwerere kukaphunzitsa kwawo. Kusankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lochokera kunakokanitsa anthu zaka zambiri mpaka kunathetsedwa mu 2020.

Makina amanunkhiza bwino kuposa kalaliki. Ukawabisira boma lochokera, adzaona sukulu ya pulayimale. Ukawabisira sukulu, adzaona dzina la mpingo wa munthu amene wamulemba ngati mboni. Ukawabisira zoti ndi mkazi, adzaona zaka ziwiri zopanda kanthu pakati pa Fomu 2 ndi Fomu 3, pamene mtsikana anachoka kukabereka n'kubwereranso, kapena chaka chimene anasiya ntchito kukadwazika mayi ake. Adzaona kuti wina anaphunzira pa CDSS ya kumudzi, n'kulemba MSCE kawiri. Kwa munthu wanzeru, mwana amene anakhoza pa sukulu yopanda labotale, akuwerengera pa tochi, ndiye wolimba mtima kuposa onse. Kwa makina amene anaphunzira pa mndandanda wa olembedwa akale, mwana ameneyu safanana ndi amene anadutsa kale, basi. Ndipo kampani ikamukana, chaka chamawa mndandanda wophunzitsira makina udzakhala wopanda anthu onga iye kuposa chaka chino.

Mchinji ili ndi vuto lake lapadera, la m'malire. Mzere wolekanitsa Malawi ndi Zambia unadula pakati pa abale. Achewa a mbali zonse amakakumana ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kwa Mpezeni. Kuchokera pa boma la Mchinji, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Tiyerekeze mnyamata amene anayamba sukulu kuno, bambo ake atamwalira n'kukakhala kwa azakhali ake kutsidya, n'kulemba mayeso a Grade 12 kumeneko. Ali ndi chiphaso cha unzika cha Malawi, satifiketi ya ku Zambia, ndipo nthawi zina nambala ya foni yoyamba ndi +260 chifukwa kumudzi kwawo netiweki yogwira bwino ndi ya kutsidya. Mkulu wa ofesi wa pa Mchinji pomwepo sangadabwe. Mwina naye mkazi wake ndi wa ku Chipata. Koma fomu ya pa intaneti imene ili ndi malo a MSCE okha, ndi pulogalamu yophunzitsidwa kukayikira zosagwirizana, zikhoza kumuponya kunja asanaonedwe ndi diso la munthu. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinaphatikizidwa kukhala malo amodzi mu December 2022, pa mwambo wotsogoleredwa ndi Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, kuti malole asamachedwe. Mapepala a anthu a m'malire sanaphatikizidwe chonchi.

Pali chinanso chimene chimandiseketsa ndi kundidetsa nkhawa nthawi imodzi. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, ofuna ntchito nawo anatulukira kuti makina akhoza kuwalembera kalata yachingerezi chosalala. Ndiye kalata yolembedwa ndi makina ikukawerengedwa ndi makina. Wopambana ndi amene ali ndi foni yamakono, bandulo ndi magetsi otchajira. Wa kafoni ka mabatani ku Kazyozyo, amene analemba yekha ndi mtima wake wonse, akuoneka ngati mbuli.

Kuyang'ana pansi

Makampani ena anapitirira pa makalata. Wofuna ntchito amakhala patsogolo pa kamera ya foni kapena kompyuta, kuyankha mafunso popanda munthu womufunsa, ndipo pulogalamu imayeza mawu ake. Kampani ya ku America yotchedwa HireVue inkayezanso nkhope, kayendedwe ka maso ndi milomo, ponena kuti zimenezi zimaonetsa khalidwe la munthu. Bungwe loteteza zinsinsi za anthu la EPIC litakadandaula ku boma mu 2019, ndipo akatswiri atatsutsa kuti nkhope siulula za mumtima mofanana kwa anthu onse, kampaniyo inalengeza mu January 2021 kuti yasiya kuyeza nkhope.

Ganizirani mwana woleredwa bwino ku Mchinji. Anaphunzitsidwa kuti polankhula ndi wamkulu sumuyang'anitsitsa m'maso, umatsitsa mawu, sudzitama, ndipo ukafunsidwa zimene unachita bwino umati tinayesetsa ndi anzanga. Kumene makinawa anaphunzira, zimenezi ndi zizindikiro za munthu wamantha, wosadzidalira, kapena wobisa kanthu. Ulemu wake womwewo ndi umene ukumulepheretsa. Onjezani chingerezi chathu, chimene r ndi l zimabwerekana malo. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu asanu a makampani akuluakulu osandutsa mawu olankhulidwa kukhala olembedwa, ndipo anapeza kuti ankalakwitsa mawu 35 pa 100 alionse a anthu akuda a ku America, pamene a azungu ankalakwitsa 19. Amenewo ndi anthu obadwira m'chingerezi. Pa nkhope napo, Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anaonetsa mu 2018 kuti mapulogalamu ozindikira ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa akazi a khungu lakuda, pamene pa amuna a khungu loyera sankafika ndi 1 peresenti yomwe.

Ukalembedwa, kapitawoyu sakusiya. Makina odinda chala pa khomo la ofesi alowa m'malo mwa buku losainira, ngakhale kuti zala zimene zakhala pa khasu ndi pa fodya zaka zambiri nthawi zina siziwerengeka bwino. Alangizi ndi ochita kalembera amayenda ndi matabuleti amene amalemba malo ndi nthawi imene fomu iliyonse yadzazidwa. Magalimoto a makampani ali ndi tizipangizo tonena pamene dalaivala waima ndi mphindi zimene wakhalapo. Zina mwa izi n'zothandiza: amene ankadzaza mafomu a mudzi wonse ali pansi pa mtengo wa mango pa Waliranji tsopano amagwidwa. Koma chiwerengero sichidziwa chifukwa. Ku Italy, khoti la mumzinda wa Bologna linagamula kumapeto kwa 2020 kuti pulogalamu ya kampani yoperekera zakudya ya Deliveroo, yotchedwa Frank, inali yatsankho. Inkatsitsa wanjinga aliyense amene sanabwere pa nthawi imene anasungitsa, osasiyanitsa waulesi, wodwala, kapena amene ali pa sitalaka yololedwa ndi lamulo. Kuno kwathu mudzi ukagwa zovuta ntchito imaima, ndipo amene sapita kukakumba manda a mnzake adzaona yekha tsiku lake likadzafika. Kapitawo wakale ankadziwa zimenezi, ngakhale wankhanza. Pulogalamu imangoona kuti Lachitatu ndi Lachinayi munthu sanadinde chala.

Ndipo pulogalamu imene ikuona kuti wakutiwakuti amachedwa tsiku limodzi lokhazikika miyezi ingapo iliyonse, foni yake ya kuntchito ili pa chipatala, yadziwa chinthu chimene sanafunsidwe. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wolemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe, kapena kumuchotsa chifukwa cha mmene m'thupi mwake mulili. Koma makina safunika magazi. Amangofunika kalendala.

Zimene Mchinji inaphunzira pansi pa mtengo

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani yosankha anthu ndi manambala, Mchinji si mlendo. Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo inayambira m'boma lomweli mu 2006, boma la Malawi likugwira ntchito ndi UNICEF, isanafalikire dziko lonse. Inkafuna mabanja 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, odwala matenda a mgonagona, ana olera anzawo. Si nkhani yolemba ntchito, koma funso lake ndi lomwelo: malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, asankhe ndani?

Poyamba ankasankha ndi makomiti a m'midzi. Ankayendera makomo, kulemba, kusanja maina, kenako n'kuitana mudzi wonse kuti umve. Njira imeneyi inali ndi zilema zake, pakuti wachibale wa mfumu kapena wa membala wa komiti ankatha kulowetsedwa. Pambuyo pake boma linakhazikitsa kaundula wamkulu wa mabanja, UBR, mmene mumalowa zinthu monga denga la nyumba, pansi pake, ziweto, katundu wa pakhomo ndi chiwerengero cha anthu, ndipo masamu a pakompyuta amasanja mabanjawo kuyambira wosaukitsitsa. Kaundula yemweyu amathandizanso posankha anthu ogwira ntchito za m'dera zolipidwa ndi boma. Masamuwa si AI yeniyeni, koma ndi mbale wake wa bere limodzi, ndipo zophonya zake n'zofanana. Nyumba ya malata imene anamanga mwana amene anamwalira zaka zisanu zapitazo imaoneka ngati chuma, chonsecho mkati mwake muli gogo wogona ndi njala. Kompyuta imaona malata. Anansi amaona kuti pakhomopo utsi sunafuke masiku awiri.

N'chifukwa chake msonkhano wa mudzi sunatayidwe: mndandanda umabwereranso kwa anthu, maina n'kuwerengedwa mokweza, kuti wina aimirire n'kunena kuti apa mwalakwitsa. Zimenezi siziyenda bwino paliponse, ndipo mawu akuti ife sitikudziwa, kompyuta ndiyo yasankha, akhala pobisalira pa ambiri. Amene anaimapo pa mzere wa feteleza wa AIP, chiphaso chili m'manja, n'kuuzidwa kuti dzina silikuoneka mu sisitemu kapena kuti laombola kale, akudziwa kuwawa kwa mlandu wopanda woimbidwa. Koma maganizo ake ndi olondola, ndipo ndikuona kuti makampani olemera amene akugula mapulogalamu a mamiliyoni akanaphunzirapo: chimene makina asanja chibwerere pamaso pa anthu odziwa nkhaniyo, ndipo wokanidwa akhale ndi pokafunsa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mlandu ndi wa ndani

Ku America kampani yophunzitsa chingerezi pa intaneti ya iTutorGroup inakonza pulogalamu yake kuti izikana yokha akazi a zaka 55 kupita m'tsogolo ndi amuna a zaka 60 kupita m'tsogolo. Zinaululika chifukwa mayi wina atakanidwa anatumizanso kalata yomweyo atangosintha tsiku lobadwa, ndipo anaitanidwa ku intavyu. Mu 2023 kampaniyo inavomera kulipira madola 365,000 kwa anthu oposa 200. Onani kuti zinatengera munthu mmodzi wokayikira kuti zidziwike. Enawo anangoganiza kuti mwayi sunali wawo. Chaka chomwecho Derek Mobley, munthu wakuda wa zaka zoposa 40, anasumira kampani ya Workday, ponena kuti anakanidwa ntchito zoposa 100 m'makampani ogwiritsa ntchito pulogalamu yake, nthawi zina yankho likubwera pakati pa usiku. Workday inati iyo silemba anthu ntchito, imangogulitsa chipangizo. Mu July 2024 woweruza ku California analola kuti mlanduwo upitirire, ponena kuti wopanga pulogalamu akhoza kuonedwa ngati nthumwi ya olemba ntchitowo. Wogula akuloza wogulitsa, wogulitsa akuloza wogula, wokanidwa ali pakati.

Maboma ena ayamba kumanga mipanda. Mzinda wa New York kuyambira mu July 2023 umafuna kuti pulogalamu yosefera ofunsira ntchito iziyesedwa chaka chilichonse ndi anthu apadera ngati ilibe tsankho, ndipo ofunsirawo aziuzidwa kuti makina awayeza. Lamulo la AI la European Union la 2024 linaika mapulogalamu a za ntchito m'gulu la oopsa kwambiri, ofunika kuyang'aniridwa ndi munthu, ndipo linaletsa kugwiritsa ntchito makina poyeza mmene wantchito akumvera mumtima. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2021, ndipo Malawi inatsatira mu 2024, udindo woyang'anira n'kupatsidwa kwa MACRA. Lamulo lathuli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene ena akusunga zokhudza iye, ndi kuzikonzetsa ngati zili zolakwika. Kunena kwina, tenanti tsopano ali ndi ufulu wopempha kuona buku.

Koma zida zathu zakuthwa kwambiri ndi zakale, zolembedwa makinawa asanabwere. Gawo 5 la lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kusala wantchito kapena wofuna ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ndale, kumene anachokera, ulumali, banja, kapena poti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo silinena kuti tsankho likachitidwa ndi kompyuta ndiye lakhululukidwa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limafuna kuti polemba anthu m'boma, mbali imodzi isapose 60 pa 100 ndipo ina isachepere 40. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa, molemba, pamene ofesi ya boma yagamula zomukhudza. Ndipo gawo 57 la lamulo la za ntchito lija limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumuneneza.

Apa ndi pamene makina ambiri amakanika. Pulogalamu imene inadziphunzitsa yokha pa makalata mamiliyoni ikhoza kunena kuti uyu wapeza 41, uyo 78, koma ngakhale amene anaipanga nthawi zambiri sangaloze chinthu chimodzi n'kunena kuti chifukwa chake ndi ichi. Munthu angayankhe bwanji mlandu wa 41? Adziteteze kwa ndani, ndipo ndi mawu otani?

Wantchito wochotsedwa ku Mchinji amayambira ku ofesi ya leba pa boma. Mkulu wa leba amalemba kalata yoitana bwana, awiriwo n'kukhala pa benchi moyang'anana, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la za ntchito. Kumeneko lamulo limaika katundu pa mutu wa wolemba ntchito: iyeyo ndiye apereke chifukwa, ndipo akalephera, kuchotsako kumatengedwa kuti kunali kopanda chilungamo. Kampani ya ku California kapena ku Johannesburg imene inagulitsa pulogalamuyo sidzakwera minibasi ya pa msewu wa M12 kudzakhala pa benchipo. Adzakhalapo ndi bwana amene anasaina kalata, ndipo adzafunsidwa m'Chichewa kuti, “Bambo, munthuyu munamuchotseranji, ndipo musanamuchotse munamumva?”